DR. JOHN R. PIERCE: KATSWIRI AMENE ADATSEGULA NJIRA YA MAU MUMLENGALENGA

Dzina la Dr. John Robinson Pierce silimveka kawirikawiri pamene anthu akamba za maulendo a mumlengalenga. Ambiri amakumbukira Yuri Gagarin ndi Neil Armstrong, pakuti iwowo adakwera okha m'zombo ndipo nkhope zao zidaoneka m'nyuzipepala za dziko lonse. Dr. Pierce sadakwere chombo chilichonse. Ntchito yao idali ya pa tebulo ndi m'nyumba yoyeseramo makina, koma idathandiza kuyankha funso limene maboma ndi makampani a lamya adali nalo zaka za m'ma 1950: kodi nkotheka kuika makina kumwamba kuti azilandira mau kuchokera kutsidya lina la nyanja ndi kuwaponya kutsidya linzake, ndipo makinawo nkukhalitsa popanda munthu wokawakonza?

UBWANA NDI MAPHUNZIRO

Dr. Pierce adabadwa pa 27 Malichi 1910 mumzinda wa Des Moines, m'chigawo cha Iowa, ku Amereka. Ali mnyamata banja lao lidasamukira ku California, ndipo kumeneko iwo pamodzi ndi anzao ankapanga ndege zopanda injini, zongouluka ndi mphepo, nkumazikwera okha. M'chaka cha 1929 adalemba kabuku kolangiza anthu kapangidwe ka ndege zoterezi. Adaphunzira za magetsi pa sukulu yaukachenjede ya California Institute of Technology, kumene adatsiriza digiri yao ya udokotala m'chaka cha 1936. Chaka chomwecho adalembedwa ntchito ku Bell Telephone Laboratories, nthambi yofufuza ya kampani yaikulu ya lamya ya AT&T, ndipo adakhala kumeneko zaka 35.

Ntchito yao yoyamba idali pa machubu a galasi opanda mpweya mkati, amene masiku amenewo ankakuza mphamvu ya mau m'mawailesi. Pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse adathandiza kupanga machubu a makina a radar. M'chaka cha 1944 adapita ku Mangalande, kumene adakumana ndi Rudolf Kompfner, mbadwa ya ku Austria, amene adaphunzira zomangamanga koma mtima wake udali pa za magetsi. Kompfner adali atapanga chubu cha mtundu watsopano chotchedwa travelling-wave tube, chimene chinkatha kukuza mau ambirimbiri nthawi imodzi. Dr. Pierce adaona msanga phindu lake, adalongosola masamu a kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo m'chaka cha 1951 Kompfner adasamukira ku Bell Laboratories. Ubwenzi wa anthu awiriwa ndiwo udali maziko a zonse zimene zidatsatira.

Dr. Pierce adalinso mlembi. Ankalemba nthano za sayansi m'magazini, nthawi zambiri pogwiritsa dzina lobisalira la J. J. Coupling. Ndipo pamene anzao pa Bell Laboratories adapanga kachipangizo kakang'ono kolowa m'malo mwa machubu a galasi, ndi iwo amene adakapatsa dzina loti transistor m'chaka cha 1948.

VUTO LA NYANJA YA ATLANTIC

Kuti ntchito yao imveke bwino, nkofunika kudziwa m'mene zinthu zidalili. Kuyambira 1927 anthu a ku London ndi New York ankatha kulankhulana pa lamya, koma mau ankayenda pa wailesi, ndipo ankamveka kapena kuzimirira malinga ndi nthawi ya tsiku ndi m'mene mlengalenga ulili. Chingwe choyamba cha lamya chodutsa pansi pa nyanja ya Atlantic, chochokera ku Oban ku Scotland kukafika ku Clarenville ku Newfoundland, chidatsegulidwa m'chaka cha 1956, ndipo chinkanyamula makambirano 36 okha nthawi imodzi. Zithunzi za wailesi yakanema sizikadatheka kudutsa m'chingwe chimenecho ngakhale pang'ono. Pamtunda, mafunde a wailesi onyamula zithunzi ankaperekedwa kuchokera pa nsanja ina kufika pa inzake, chifukwa mafundewa amayenda molunjika ndipo dziko ndi lobulungira. Pakati pa nyanja panalibe pomanga nsanja.

Yankho lidali loti nsanjayo iikidwe kumwamba. Mlembi wa ku Mangalande, Arthur C. Clarke, adali atalemba kale maganizo otere m'magazini ya Wireless World mu Okutobala 1945. Dr. Pierce adafika pa maganizo omwewo paokha, koma adawayang'ana ndi diso la munthu wa kampani ya lamya. M'chaka cha 1954 adalankhula pa msonkhano wa akatswiri a wailesi ku Princeton, ndipo zimene adanena zidasindikizidwa mu Epulo 1955. Adawerengera mphamvu yofunika potumiza mau, kukula kwa zolandirira, ndi mtengo wake. Adaonetsa kuti ngati njira iliyonse ya m'chingwe cha pansi pa nyanja ikudya pafupifupi madola miliyoni imodzi, makina akumwamba onyamula njira mazanamazana angathe kubweza ndalama zowakwezera. Zonsezi adazinena kusadakhale setilaiti ngakhale imodzi, pakuti Sputnik ya dziko la Soviet Union idakwera pa 4 Okutobala 1957.

CHIBALUNI CHA ECHO

Sputnik itakwera, anthu ambiri adabwera ndi mapulani akuluakulu. Dr. Pierce adali wochenjera. Adadziwa kuti makina a magetsi a nthawi imeneyo ankafa msanga, ndipo chinthu chikafa kumwamba palibe wokachikonza. Choncho adafuna kuyamba ndi chinthu chopanda makina mkati, chongobweza mafunde a wailesi monga kalilole abwezera kuwala.

Mwayi udapezeka m'chaka cha 1958. Katswiri wina wa boma, William O'Sullivan wa ku Langley ku Virginia, adali atakonza chibaluni chachikulu chonyezimira choti chikayese kuchuluka kwa mpweya kumtunda kwenikweni. Dr. Pierce ndi Kompfner ataona chithunzi chake adazindikira kuti ndicho kalilole amene ankamufuna. Adakambirana ndi bungwe la NASA, limene lidakhazikitsidwa chaka chomwecho, ndi akuluakulu a Jet Propulsion Laboratory ku California, ndipo ntchitoyo idagawidwa patatu: NASA ipereke chibaluni ndi roketi, Jet Propulsion Laboratory ikonze malo ake a ku Goldstone m'chipululu cha California, ndipo Bell Laboratories imange malo ake pa phiri la Crawford Hill ku Holmdel, New Jersey.

Chibalunicho chidali cha mamita 30 m'mimba mwake, chopangidwa ndi pulasitiki yopyapyala koposa pepala, yokutidwa ndi aluminiyamu. Chinkapindidwa nkuikidwa m'kabokosi kobulungira, pamodzi ndi ufa wa mankhwala umene umasanduka mpweya ukatenthedwa ndi dzuwa, kuti chikafufume chokha kumwamba. Mafunde obwerera kuchokera pa chibalunicho adali ofooka kwambiri, kotero kuti ku Holmdel adamanga cholandirira chooneka ngati lipenga lalikulu, cha mamita 15 m'litali, ndipo adachilumikiza ku chokuzira mau chotchedwa maser, chimene chinkazizidwa ndi mpweya wa helium wosungunuka kuti chisapange phokoso lakelake. Chibaluni chisadakwere, malo awiriwa adayesa zipangizo zao pogunditsa mafunde pa mwezi.

Zovuta sizidalephere. Pa 28 Okutobala 1959 chibaluni choyesera chidakwezedwa kuchokera ku Wallops Island, ndipo chidaphulika nkumwazika m'zidutswa zonyezimira zimene anthu a m'mphepete mwa nyanja adaziona ndi maso. Chifukwa chake chidali mpweya wotsalira m'mapindo, umene udafufuma mwadzidzidzi. Akatswiri adakonza kapindidwe nkuyesanso kangapo. Pa 13 Meyi 1960 roketi ya Thor-Delta, pa ulendo wake woyamba, idalephera, ndipo chibaluni chidatayika. Padapita miyezi itatu kuti ina ikonzeke.

Pa 12 Ogasiti 1960 Echo 1 idakwera bwino kuchokera ku Cape Canaveral, nkuyamba kuzungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600. Tsiku lomwelo uthenga wa Pulezidenti Eisenhower, wojambulidwa kale pa tepi, udatumizidwa kuchokera ku Goldstone, udagunda chibaluni, ndipo udamveka bwino ku Holmdel. Masiku otsatira anthu adalankhulana pa lamya kudzera njira yomweyo. Echo inkaoneka ndi maso usiku ngati nyenyezi yowala yoyenda, ndipo idakhala kumwamba mpaka Meyi 1968. Phindu lake lalikulu lidali kwa akatswiri: adatsimikiza kuti masamu ao adali olondola, kuti mlengalenga suononga mafundewo mosayembekezeka, ndi kuti zolandirira za pansi zingathe kutsata chinthu chothamanga kumwamba osachitaya.

Miyezi iwiri pambuyo pake, asilikali a Amereka adakweza setilaiti yao yokhala ndi makina mkati, yotchedwa Courier. Idagwira ntchito masiku 17 okha nkuleka kumvera. Nkhawa ya Dr. Pierce idaoneka kuti sidali ya mantha chabe.

TELSTAR

Chibaluni sichikadakwanira pa malonda, pakuti mphamvu yochuluka inkamwazika mumlengalenga. Sitepe yachiwiri idali setilaiti yolandira mau, kuwakuza, ndi kuwaponyanso. Echo itapambana, akuluakulu a AT&T adavomera kulipira ntchitoyi ndi ndalama za kampani, ndipo adapatsa NASA madola pafupifupi mamiliyoni atatu kuti iwakwezere chombocho. Dr. Pierce ndi gulu lao la ofufuza adayala maziko, koma kumanga kwenikweni kudali m'manja mwa akatswiri mazana angapo motsogozedwa ndi Eugene O'Neill. Mutu umodzi susenza denga.

Telstar idali yobulungira, yosakwana mita imodzi m'mimba mwake, yolemera makilogalamu 77. Kunja kwake kudali timagalasi 3,600 totenga mphamvu ku dzuwa, timenenso tidatulukira ku Bell Laboratories m'chaka cha 1954. Mkati mwake mudali ma transistor oposa chikwi ndi chubu chimodzi cha Kompfner ndi Pierce. Chipangizo chilichonse chidasankhidwa pakati pa zinzake zambiri zitayesedwa nthawi yaitali, ndipo chombo chonse chidagwedezedwa, kutenthedwa ndi kuzizidwa m'chipinda chopanda mpweya. Uwu udali mwambo umene kampaniyo idaphunzira pa zingwe za pansi pa nyanja, kumenenso kukonza kuli kovuta. Ku Andover, m'chigawo cha Maine, kudamangidwa lipenga lolemera matani oposa 300, lotetezedwa m'chihema chofufumitsidwa ndi mpweya. A British Post Office adamanga malo ao ku Goonhilly Downs ku Cornwall, ndipo Afalansa adamanga ao ku Pleumeur-Bodou.

Telstar idakwera pa 10 Julayi 1962. Madzulo ake wapampando wa AT&T, Frederick Kappel, adalankhula pa lamya kuchokera ku Andover ndi Wachiwiri kwa Pulezidenti, Lyndon Johnson, ku Washington, mau akudzera kumwamba. Chithunzi choyamba chidali cha mbendera ya Amereka ikupepeluka kunja kwa malo a Andover. Afalansa adachilandira bwino usiku womwewo. Ku Goonhilly chidaoneka mwachimbuuzi, chifukwa mbali ziwirizi zidamvetsa mosiyana za kumene mafundewo ankapotokera, ndipo kachipangizo kena kadaikidwa mozondoka. Atakatembenuza, tsiku lotsatira zonse zidaoneka bwino. Pa 23 Julayi anthu mamiliyoni ambiri ku Ulaya ndi ku Amereka adaonera pamodzi pulogalamu imodzi, m'mene mudali gawo la msonkhano wa Pulezidenti Kennedy ndi atolankhani.

Komabe Telstar idali ndi malire ake. Inkazungulira dziko m'maola awiri ndi theka, ndipo nthawi imene inkaoneka ku mbali zonse ziwiri za nyanja idali mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono pa ulendo woyenera. Ikalowa kuseri kwa dziko, kulankhulana kunkatha.

BOMBA LIDWALITSA TELSTAR

Mdani wamkulu adachokera kwina. Pa 9 Julayi 1962, tsiku limodzi Telstar isadakwere, boma la Amereka lidaphulitsa bomba la nyukiliya makilomita 400 pamwamba pa nyanja ya Pacific, pafupi ndi chilumba cha Johnston. Kuphulikako kudadzaza mlengalenga ndi tizidutswa ta mphamvu yoopsa, ndipo mu Okutobala dziko la Soviet Union lidaphulitsanso mabomba ake kumwamba. Telstar inkadutsa m'dera limeneli tsiku ndi tsiku. Chakumapeto kwa Novembala idaleka kumvera malamulo ochokera pansi.

Zimene akatswiri a Bell Laboratories adachita pamenepa ndi phunziro kwa aliyense wogwira ntchito yofuna kudekha. Adatenga chipangizo chofanana ndi cha m'chombo, adachiwomba ndi cheza choopsa m'nyumba yoyesera mpaka chidadwala nthenda yomweyo, ndipo adapeza transistor imene inkalephera. Kenaka adakonza zizindikiro zachilendo zolambalala transistor imeneyo, nkuzitumiza kumwamba. Telstar idamvera, ndipo kuchiyambi kwa Januwale 1963 idayambanso kunyamula zithunzi. Chinthu chimene palibe akadachigwira ndi manja chidakonzedwa ndi nzeru zokha. Koma nthendayo idabwereranso, ndipo pa 21 Febuluwale 1963 Telstar idakhala chete mpaka kalekale. Telstar yachiwiri, imene idakwera pa 7 Meyi 1963, idapatsidwa njira yotalikirapo kuti isakhalitse m'dera loopsalo, ndipo idagwira ntchito zaka ziwiri.

PAMENE MAGANIZO AO ADAGONJA

Mbiri ya Dr. Pierce siikhala yoona ikangonena za kupambana. Pa nkhani imodzi yaikulu dziko lidatsata njira ina. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa ikweta, setilaiti imazungulira dziko m'tsiku limodzi, kotero kuti kwa munthu wa pansi imaoneka ngati yaima pamodzimodzi. Zitatu zotere zingathe kufikira pafupifupi dziko lonse. Dr. Pierce ankadziwa bwino zimenezi, koma ankakayika pa zifukwa ziwiri. Choyamba, maroketi a nthawi imeneyo adali ofooka, ndipo kuimika chombo pamalo amodzi kunkafuna makina ambiri otha kufa. Chachiwiri, mau okwera ndi kutsika mtunda wotere amachedwa pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a sekondi, ndipo yankho limachedwanso chimodzimodzi, zimene zikadasokoneza anthu pa lamya. Choncho Bell Laboratories inkalingalira za masetilaiti makumi angapo oyenda m'munsi, kuti ina ikamalowa ina izituluka.

Katswiri wachinyamata wa kampani ya Hughes, Harold Rosen, adakhulupirira kuti setilaiti yaing'ono, yopepuka, yodzizungulira ngati nguli ingathe kufika pa mtunda wautaliwo. Syncom yake yoyamba idatayika mu Febuluwale 1963. Yachiwiri idakwera pa 26 Julayi 1963, ndipo mu Ogasiti Pulezidenti Kennedy adalankhula kudzera mwa iyo ndi Nduna Yaikulu ya Nigeria, Sir Abubakar Tafawa Balewa, mau akutsikira pa sitima ya Kingsport imene idaima padoko la Lagos. Yachitatu idaonetsa anthu a ku Amereka masewera a Olympic a ku Tokyo m'chaka cha 1964. Pa 6 Epulo 1965 padakwera Early Bird, yonyamula makambirano 240 nthawi imodzi, ndipo anthu adapezeka kuti akupirira kuchedwa kwa mau koposa m'mene akatswiri a lamya ankaopera.

Ndale nazo zidalowapo. Mu Ogasiti 1962, Telstar ikadali pa ulemerero wake, Nyumba ya Malamulo ya Amereka idakhazikitsa lamulo lopereka ntchito yonse ya masetilaiti olumikiza maiko kwa kampani yatsopano ya Comsat, poopa kuti AT&T, imene inkalamulira kale lamya za m'dzikomo, ingalamulirenso mlengalenga. M'chaka cha 1964 maiko adapanga bungwe la Intelsat. Motero anthu amene adatsegula njira adauzidwa kuti apatuke, ena adutse. Dr. Pierce sadabise kuti lamulolo lidawawawa, pakuti ankaona kuti luso limene gulu lao lidasonkhanitsa likutayika.

Komabe zombo za Rosen zidanyamula chubu cha mtundu womwewo umene Pierce ndi Kompfner adaulera, ndipo zidadalira zimene Echo ndi Telstar zidatsimikiza. Ndiponso maganizo a masetilaiti ambiri oyenda m'munsi sadafe. Adabwereranso ndi Iridium m'zaka za m'ma 1990, ndiponso ndi Starlink, imene idayamba kukweza zombo zake zambirimbiri m'chaka cha 2019. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi chomwe chija cha Dr. Pierce, chakuti mau ndi mauthenga asachedwe panjira.

ZAKA ZOTSIRIZA

Lipenga la ku Holmdel lidabala chipatso chimene palibe adachiyembekeza. M'zaka za 1964 ndi 1965 Arno Penzias ndi Robert Wilson, poligwiritsa ntchito poyang'ana kuthambo, adamva kaphokoso kosatha kochokera mbali zonse. Adachotsa nkhunda zimene zidamanga zisa m'lipengamo ndi kupukuta zitosi zao, koma kaphokosoko kadakhalabe. Kadali kutentha kotsalira kuchokera pa chiyambi cha chilengedwe chonse, ndipo awiriwa adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1978.

Dr. Pierce adapuma ku Bell Laboratories m'chaka cha 1971, nkubwerera ku California Institute of Technology kukaphunzitsa. Pambuyo pake adatumikira ku Jet Propulsion Laboratory, ndipo kuyambira 1983 adakhala pa yunivesite ya Stanford, kumene adatha ukalamba wao akufufuza za nyimbo zopangidwa ndi kompyuta ndi m'mene khutu la munthu limamvera. Adalemba mabuku ambiri olongosolera anthu wamba za sayansi m'mau osavuta. Boma la Amereka lidawapatsa mendulo ya National Medal of Science ya chaka cha 1963. M'chaka cha 1995 mphoto ya Charles Stark Draper, imodzi mwa mphoto zazikulu za mainjiniya, idaperekedwa kwa anthu awiri pamodzi chifukwa cha masetilaiti a mauthenga: John Pierce ndi Harold Rosen, amene kale adaima mbali zosiyana.

Dr. Pierce adamwalira pa 2 Epulo 2002 ku Sunnyvale, California, ali ndi zaka 92. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito za boma angapeze m'moyo wao chitsanzo cha kayendetsedwe ka ntchito yaikulu: adawerengera mtengo asadapemphe ndalama, adayamba ndi chinthu chosavuta chimene sichikadafa, adayesa chilichonse pansi chisadakwere, ndipo pamene ena adapambana ndi njira imene iwo ankaikayikira, zimene iwo adatsimikiza zidakhalabe maziko a onse. Telstar yoyamba, ngakhale ili chete, ikuzungulirabe dziko mpaka lero.